Musanalipire fizi ya digiri ya unamwino, fufuzani chivomerezo chake motere

Namwino akagwira ntchito zaka zingapo ndi dipuloma, pamafika nthawi imene nkhani ya digiri sichokanso m'mutu. Anzake olowa nawo ntchito chaka chimodzi akwezedwa. Ana asukulu amene iye adawaphunzitsa kuika kanyula abwerera ndi digiri n'kukhala oyang'anira wodi. Malipiro ake ali pomwe paja. Ndiye tsiku lina pa gulu la WhatsApp la anamwino pagwa chithunzi: mtsikana wa gauni akumwetulira, pamwamba pake alembapo zilembo zikuluzikulu kuti "fully accredited", digiri m'miyezi 12, zonse pafoni, ndipo wolipira dipoziti sabata ino amuchotserako.

Ndalama zimene anamwino amalipirira maphunziro si zotola. N'za lokamu, za mausiku osagona, za ngongole ya ku banki yodulidwa pamalipiro mwezi ndi mwezi. Zimandiwawa kuona ndalama zoterezi zikugula pepala limene pamapeto pake a HR, a ku ofesi yoona za antchito, amalitembenuza kawiri n'kulibweza. Izi n'zopeweka, ndipo kufufuza kwake sikulira zambiri: bandulo ya intaneti, makalata awiri kapena atatu, ndi kudekha kwa milungu ingapo.

Ambirife timafunsa funso laling'ono lakuti, "Kodi sukuluyi ndi yovomerezeka?" Sukulu iliyonse idzayankha kuti inde, ndipo mwina sikunama ayi. Chofunika kudziwa ndi ichi: waivomereza ndani, wavomereza kosi iti, yophunzitsidwira kuti komanso motani, kuyambira liti mpaka liti, nanga kumene mukapereke digiriyo amamudziwa wovomerezayo?

1. Yambani ndi kumene digiriyo ikagwire ntchito

Musayambe ndi kusaka sukulu. Khalani pansi mulembe chiganizo chimodzi chonena chimene mukuifunira digiriyo. Wina ndi NMT (Nurse Midwife Technician, namwino wa gulu lotsikirapo) amene akufuna kulowa m'kaundula wa ma RN (Registered Nurse, namwino wa gulu lapamwamba). Wina ndi RN kale koma wa dipuloma, akufuna kukwera giredi m'boma kapena pa chipatala cha CHAM. Wina maso ali pa masters kuti adzaphunzitse pa koleji. Wina akuganiza zokagwira ntchito ku Britain kapena ku America.

Pa zolinga zinayizi, oyang'ana pepala lanu ndi anthu osiyana. Kaundula ali m'manja mwa Nurses and Midwives Council of Malawi, imene mwachidule timangoti Nurses Council. Kukwezedwa m'boma kumadutsa kwa a HR ndi ku makomishoni olemba ndi kukweza antchito, monga Health Service Commission. Za masters amagamula ndi yunivesite imene mukafunsireko malo. Za kunja amagamula ndi bungwe loyang'anira anamwino m'dzikolo. Digiri imodzi yomweyo ikhoza kulandiridwa kwina n'kukanidwa kwina. Choncho pansi pa chiganizo chanu chija lembani dzina la ofesi imene idzakhale yomaliza kunena kuti inde kapena ayi. Mafunso anu onse azilunjika kumeneko.

2. Ku Malawi kuno ovomereza ndi awiri, ndipo wina salowa m'malo mwa mnzake

Woyamba ndi National Council for Higher Education, imene tonse timangoti NCHE, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Iyo imayang'ana ngati maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite akufika pa muyezo: aphunzitsi ali ndi mapepala otani ndipo alipo angati, laibulale ili bwanji, mayeso amayendetsedwa motani, sukulu ili ndi zipangizo zanji.

Pamapepala a NCHE mupezapo mawu awiri amene ambiri amawasokoneza, ndipo otsatsa masukulu amadyerapo pa chisokonezo chimenechi. Sukulu ikakhala "registered" ndiye kuti yapatsidwa chilolezo chotsegula zitseko ndi kulemba ophunzira. Ikakhala "accredited" ndiye kuti akatswiri afika, ayendera, awerenga, ndipo akhutira kuti zimene zikuphunzitsidwazo zikufika pa muyezo. Chachiwirichi chimaperekedwa kwa sukulu komanso kwa kosi iliyonse payokha. Yunivesite ikhoza kukhala ndi digiri ya zamalonda yovomerezeka bwinobwino, pamene digiri yake ya unamwino, yomwe yangoyamba chaka chatha, isanayenderedwe n'komwe. Chikwangwani cha pamsewu sichidzakuuzani zimenezo.

Wachiwiri ndi Nurses Council, imene imagwira ntchito pansi pa lamulo la anamwino ndi azamba la 1995. Iyo imavomereza silabasi ya unamwino, imayendera masukulu ndi malo ochitirako mapulakitiko, imalemba ophunzira m'kaundula wake akangoyamba kosi, imapereka mayeso a layisensi, ndipo ndiyo imanena kuti inu ndinu namwino wa gulu liti. Kwa NMT mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa zonse. Sukulu ikhoza kukuvekani gauni n'kukupatsani digiri, koma kukuchotsani m'kaundula wa ma NMT n'kukuikani mwa ma RN si mphamvu yake. Ngati Nurses Council siikuidziwa kosiyo, mudzabwerera ku wodi ndi digiri m'chikwama koma layisensi ili yomwe ija.

Masukulu ophunzitsa anamwino alipo ambiri ndithu. Pali Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yomwe idabadwa mu 2021 pamene Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine zidachoka ku University of Malawi n'kuphatikizana. Pali Mzuzu University, Malawi College of Health Sciences, ndi masukulu a mipingo monga Catholic University, Daeyang, Malamulo ndi St John of God ya ku Mzuzu, yodziwika ndi unamwino wa matenda a maganizo. Kutchuka kwa dzina kusakuchititseni ulesi. Kosi zatsopano zimabadwa chaka ndi chaka ngakhale pa masukulu akale, ndipo kufufuza kwake n'kumodzimodzi kulikonse.

3. Werengani mndandanda wa eni ake, mzere ndi mzere

NCHE imatulutsa mndandanda wa masukulu ndi makosi ovomerezeka pa tsamba lake la intaneti komanso m'manyuzipepala. Kautengeni nokha kumeneko. Chithunzi chimene wakutumizirani munthu wotsatsa sukulu chikhoza kukhala chakale, chodulidwa mbali, kapena chokonzedwa pakompyuta.

Mukaupeza, uwerengeni monga mmene mumawerengera botolo la mankhwala musanabaye wodwala: dzina lenileni, mlingo, njira, ndi tsiku lotha mphamvu.

Dzina la kosi lifanane ndendende ndi lomwe lili pa kalata yokuitanani. Pano mpamene anamwino ambiri amapunthwa, ndipo si chifukwa cha akathyali ayi. Munthu amalembetsa digiri ya public health kapena ya kayendetsedwe ka zipatala, yovomerezeka ndithu, yophunzitsidwa bwino, akuganiza kuti popeza n'za umoyo ndiye kuti idzamukweza pa unamwino. Ndi madigiri abwino kwa amene akufuna kupita ku mabungwe kapena ku maofesi, koma si digiri ya unamwino, ndipo payokha sisintha gulu limene muli m'kaundula. Ngati cholinga chanu chija n'kukhala RN kapena kukwera pa mzere wa unamwino, kuvomerezeka kwa digiri yoteroyo sikukuyankhani funso lanu.

Kenako onani mtundu wa kosi. Digiri ya zaka zinayi ya ana ochokera ku sekondale ndi digiri yofupikitsidwa ya anthu a dipuloma zikhoza kukhala ndi dzina lofanana, koma silabasi ndi nthawi n'zosiyana. Funsani ngati chivomerezocho chikukhudza yachiwiriyo. Funsaninso za malo. Ngati sukulu likulu lake lili ku Blantyre koma inu muziphunzirira m'zipinda zalendi pamwamba pa shopu ku Mzuzu kapena ku Kasungu, kodi malo amenewo adayenderedwa? Chimodzimodzi ndi kaphunziridwe: kosi ya masiku onse, ya Loweruka ndi Lamlungu, ya mablock, ndi ya pa intaneti si chinthu chimodzi.

Pomaliza tsiku. Chivomerezo sichikhala chamuyaya. Chimaperekedwa kwa zaka zowerengeka, kenako sukulu imayenderedwanso. Ngati chikutha inu muli pakati pa kosi, funsani sukulu kuti zoyenderedwanso zafika pati. Ndipo mawu akuti "tidapereka kale mapepala, chivomerezo chikutuluka posachedwa" musawawerengere. Mwina chitulukadi. Mwinanso ayi, ndipo chikalephera, wotaya ndalama ndinu, osati amene adakuuzani mawuwo.

Mukamaliza kuwerenga, lembani kalata yaifupi ku NCHE ndi ina ku Nurses Council. Isakhale yazambiri. Tchulani dzina lanu, gulu limene muli m'kaundula, dzina lonse la sukulu, dzina lonse la kosi, kampasi, ndi kaphunziridwe kake. Ku NCHE funsani ngati kosi imeneyi pa kampasi imeneyi ndi "accredited" lero lino, ndiponso mpaka liti. Ku Nurses Council funsani ngati silabasi yake idavomerezedwa, ngati ophunzira ake amalembedwa m'kaundula, ndiponso ngati womaliza kosiyo amaloledwa kulowa m'gulu limene inu mukufuna. Pemphani yankho lolembedwa. Yankho la pafoni limatha ndi foniyo, ndipo amene adakuyankhaniyo mawa akhoza kusamutsidwa. Safunsa adadya phula, koma pa nkhani iyi ngakhale wofunsa pakamwa pokha akhoza kulidya.

Pali njira inanso yachidule yothandizira makalatawo. Pezani anamwino awiri kapena atatu amene adamaliza kosi yomweyo, osati amene sukulu yakusankhirani, muwafunse kuti adalemba liti mayeso a layisensi ndipo pepala lawo lidalandiridwa bwanji kuntchito.

4. Dipuloma yanu aiwerengera bwanji?

Kosi yomalizitsa digiri imakhala yaifupi chifukwa imawerengera zimene mudaphunzira kale. Choncho chivomerezo chimagwira mbali ziwiri: cha sukulu imene mukupita, ndi cha sukulu imene mudachokera. Katengeni transcript yanu, chikalata chosonyeza maphunziro onse amene mudachita ndi mmene mudakhozera, ku koleji yanu yakale nthawi ikadalipo, chifukwa maofesi ena amachedwa nayo. Sukulu yatsopanoyo ikuuzeni polemba kuti mulowera chaka chiti ndipo mumaliza liti. Onaninso zimene akufuna pa MSCE, makamaka makirediti a Chingerezi ndi a sayansi. Sukulu imene sikufunsa kalikonse, ngakhale layisensi yanu, koma lisiti ya dipoziti yokha, yadziulula kale.

5. Funsani za mawodi

Kosi ya unamwino yopanda nthawi yokwanira ya m'wodi ndi yokayikitsa, makamaka kwa amene akusintha gulu. Funsani kuti mapulakitiko amachitikira zipatala ziti, pali mgwirizano wolembedwa ndi zipatalazo kapena ayi, ndani amabwera kudzakuonani mukugwira ntchito, ndipo amasayina ndani buku lanu. Mukauzidwa kuti "mudzipezere nokha malo, mungobweretsa fomu yosayinidwa", imani kaye.

Izi sindikuzinena chifukwa cha mapepala okha. Mu 2014 magazini ya The Lancet idasindikiza kafukufuku wa Linda Aiken ndi anzake wochokera m'zipatala 300 za m'maiko 9 a ku Ulaya. Adapeza kuti chiwerengero cha anamwino a digiri pachipatala chikakwera ndi 10 peresenti, chiopsezo choti wodwala wochitidwa opaleshoni amwalire pasanathe masiku 30 chimatsika ndi 7 peresenti. Chimene chimapulumutsa odwalawo si satifiketi. Ndi namwino amene waphunzira kuona msanga kuti wodwala wayamba kusintha, kuwerenga kafukufuku, ndi kuyankhula molimba mtima pamaso pa dokotala. Oyendera masukulu amayesa kuona ngati kosi ikuphunzitsadi zimenezo. Digiri yopanda maphunziro enieni imabera inu, imaberanso mayi amene ali pa bedi.

6. Masukulu akunja ndi a pa intaneti

Apa ndi pamene pamafunika maso anayi, chifukwa dziko lililonse lili ndi kachitidwe kake, ndipo zotsatsa zambiri zimene zimafika pamafoni athu n'zochokera kunja.

Tiyambe ndi America, kwawo kwa makosi otchedwa RN-to-BSN. Makosi amenewa adapangidwira namwino amene ali kale ndi layisensi ya kumeneko, amene adaphunzira zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo akufuna kumalizitsa digiri uku akugwira ntchito. Adachuluka kwambiri pambuyo pa lipoti la Institute of Medicine la 2010, limene lidalimbikitsa kuti pofika 2020 anamwino 80 mwa 100 alionse akhale a digiri. Mu 2017 New York idakhazikitsanso lamulo loti anamwino atsopano apeze digiri pasanathe zaka 10 chilandirireni layisensi. Msika utakula chonchi, adalowamo abwino ndi oipa omwe.

Ku America boma silivomereza masukulu mwachindunji. Amavomereza ndi mabungwe oima paokha, ndipo boma limangozindikira mabungwewo. Ndiye mufufuze magawo awiri.

Gawo loyamba ndi sukulu yonse. Iyenera kukhala yovomerezedwa ndi bungwe lozindikiridwa ndi unduna wa zamaphunziro wa dzikolo (US Department of Education) kapena ndi CHEA (bungwe loima palokha lounika mabungwe ovomereza masukulu), monga Higher Learning Commission, Middle States Commission on Higher Education kapena SACSCOC. Unduna umenewu uli ndi nkhokwe yake pa intaneti yotchedwa DAPIP, ndipo CHEA ilinso ndi yake. Lembanimo dzina la sukulu muone. Ngati sukulu yatchula bungwe la dzina lalitali lokoma kumva, lokhala ndi mawu ngati "international" kapena "global", lifufuzeninso bungwelo. Alipo mabungwe amene adapangidwa ndi eni masukulu omwewo kuti azidzidindira okha chidindo. Satifiketi yosonyeza kuti sukulu idalembetsedwa ngati kampani nayonso si chivomerezo cha maphunziro.

Gawo lachiwiri ndi kosi ya unamwino payokha. Mayina ofunika kuwadziwa ndi CCNE, imene imayang'ana madigiri oyamba ndi apamwamba, ACEN, imene imayang'ana magawo onse a unamwino, ndi NLN CNEA. Onsewa ali ndi mindandanda pa masamba awo. Muonetsetse kuti yalembedwa ndi digiri yoyamba ya unamwino, osati masters yokha, ndipo muone madeti. Mukapeza mawu akuti "candidate" kapena "applicant", dziwani kuti sukuluyo yangoyamba ulendo wopempha, sinavomerezedwe. Kwa abale athu amene ali kale ku America ndi layisensi, gawo limeneli ndi limene limaluma pambuyo pake: makosi ambiri a masters amafuna digiri yochokera ku kosi yovomerezedwa ndi mabungwe amenewa, zipatala za asilikali opuma za VA zimafunanso chimodzimodzi, ndipo mabwana ambiri amene amathandiza antchito awo kulipira fizi amayamba aona zimenezi.

Ngakhale chivomerezo chenicheni chimasiyana kulemera. Kale mabungwe ovomereza masukulu ankagawidwa pawiri, a m'zigawo ndi a dziko lonse. Boma lidachotsa kusiyanitsa kumeneku mu 2020, koma mayunivesite ambiri akadali omasuka kulandira maphunziro ochokera ku masukulu a mabungwe a m'zigawo aja kuposa enawo. Zimene zidachitika ndi ITT Technical Institute n'zophunzitsa. Sukulu imeneyi, imene inkaphunzitsanso anamwino, idatseka makampasi ake oposa 130 mu September 2016, ophunzira zikwi makumi angapo ali pakati pa maphunziro. Inali yovomerezedwa ndi bungwe la ACICS, limene nalonso boma lidadzasiya kulizindikira kotheratu mu 2022. Ophunzira ambiri atapita kukapempha malo kwina adapeza kuti zimene adaphunzira kale sakuziwerengera, ngongole ili pamutu.

Nkhani ina ndi ya mu January 2023, pamene boma la America lidaulula za Operation Nightingale. Madipuloma abodza a unamwino oposa 7,600 adagulitsidwa kudzera m'masukulu atatu a ku Florida kwa anthu amene sadalowe m'kalasi kapena m'wodi. Masukuluwo sanali ongopeka, anali ndi mayina enieni ndipo adakhalapo ndi chilolezo. Ogulitsa adamangidwa, ndipo ogula ambiri amene adafika popeza layisensi adayamba kulandidwa. Munthu akakuuzani kuti dzina la sukulu lili pa mndandanda koma simufunika kuphunzira, akukugulitsani mlandu.

Tsopano mfundo imene otsatsa sainena, yomwe ikukhudza namwino amene ali ku Zomba kapena ku Karonga. RN-to-BSN, ngakhale yovomerezeka chotani, sipereka layisensi ya ku America. Ambiri mwa makosiwa amafuna kuti mukhale nayo kale. Layisensi imaperekedwa ndi bodi ya anamwino ya chigawo chilichonse, imene imaunika maphunziro anu oyamba aja a unamwino, kawirikawiri kudzera ku mabungwe ounika mapepala monga TruMerit, imene kale inkatchedwa CGFNS, kenako mumalemba mayeso a NCLEX-RN. Ku Britain n'chimodzimodzi. Kuli makosi a chaka chimodzi otchedwa top-up, ena a mayunivesite enieni ndithu, amene mungawatsimikize pa kaundula wa Office for Students ngati ali ku England. Koma top-up siikulowetsani m'kaundula wa Nursing and Midwifery Council. Kumeneko amayang'ana maphunziro amene adakupatsani layisensi kwanu, mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, mayeso a pakompyuta a CBT, ndi a pamanja a OSCE. Wina akamakugulitsani digiri ndi ntchito ya ku Britain m'thumba limodzi, kumbukiraninso kuti Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa 2023 wa maiko osowa ogwira ntchito zaumoyo, ndipo malamulo a Britain salola kuti makampani azibwera kudzakopa anamwino m'maiko amenewa, ngakhale munthu payekha ali ndi ufulu wofunsira ntchito mwachindunji.

Kwa oyandikana nafe kachitidwe kake n'kofanana ndi kathu. Ku Zambia funsani Higher Education Authority ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia. Ku South Africa kosi imavomerezedwa ndi Council on Higher Education, pepala limalembedwa ku SAQA, bungwe losunga kaundula wa mapepala a maphunziro, ndipo za unamwino zimadutsa ku South African Nursing Council.

Kulikonse kumene mwasankha, ngati digiriyo mudzabwera nayo kuno, idzafunika kuunikidwa ndi NCHE, ndipo Nurses Council idzafuna kuona zimene mudaphunzira. Afunseni musanapite kapena musanalembetse, osati mutabwerako. Atumizireni dzina la sukulu ndi silabasi, mumve maganizo awo fizi isanatuluke m'thumba.

7. Kuntchito ndi ku ndalama

Musanavomere malo, kaonaneni ndi amatroni ndi a HR. Afunseni ngati kosiyo ili m'gulu la maphunziro amene amawazindikira pokweza anthu, ndipo ngati mukufuna tchuthi cha maphunziro, pemphani motsatira ndondomeko mpaka mulandire kalata. Kupita kusukulu mongogwirizana pakamwa ndi anzanu kuti azikugwirirani mashifiti kumayenda mwezi woyamba wokha. Ngati chipatala kapena bungwe likulipirirani, werengani bwino mgwirizano wa zaka zimene mudzagwire mukabwerako. Ngati mukuganiza za ngongole ya ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, afunseni ngati kosi yanu ndi gulu lanu la ophunzira zili m'ndondomeko yawo.

Polipira, ndalama zipite ku akaunti ya banki ya m'dzina la sukulu. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya m'dzina la munthu si ofesi ya zachuma ya yunivesite. Lipirani semesita imodzi imodzi, ngakhale akunyengerereni kuti wolipira kosi yonse pakamodzi amuchotserako. Funsani, ndipo akuyankheni polemba, kuti chivomerezo chikachotsedwa kapena kosi ikatsekedwa inu musanamalize, adzakusamutsirani kuti ndipo ndalama zanu zidzatani. Tsegulani fayilo imodzi, muikemo chotsatsa chija monga mmene chidalili, kalata yokuitanani, mayankho a NCHE ndi a Nurses Council, ndi malisiti onse. Jambulaninso zonsezo pafoni n'kudzitumizira pa imelo.

8. Ngati mwalowa kale ndipo mwayamba kukayika

Musachite manyazi, ndipo musathawe mwakachetechete. Yambani ndi makalata awiri aja, chifukwa mphekesera za m'makalasi nthawi zina zimakhala zabodza. Yankho likabwera loti kosiyo si yovomerezeka, imitsani kaye fizi ya semesita yotsatira. Pemphani transcript ya zonse zimene mwakhoza kufika pano, pamodzi ndi ndondomeko ya phunziro lililonse yosonyeza maola ndi zimene mudaphunzira, chifukwa sukulu ina ikafuna kukuwerengerani china chake idzafuna mapepala amenewa, ndipo sukulu ikatseka kuwapeza kumavuta zedi.

Gwirizanani ndi anzanu a m'kalasi mulembe kalata imodzi kwa akuluakulu a sukulu, yofunsa kuti kosi yayenderedwa liti, zotsatira zake zidali zotani, ndipo ophunzira amene alipo awachitira chiyani. Kope lake lipite ku NCHE ndi ku Nurses Council. Ngati ndinu membala wa NONM, bungwe loimira anamwino ndi azamba, adziwitseni. Ngati chotsatsa chidanena kuti kosi ndi yovomerezeka pamene sinali, kadandauleni ku Competition and Fair Trading Commission, imene imamva madandaulo a ogula onamizidwa, mutatenga fayilo yanu ija. Pamene zonsezi zikuyenda, yambani kufunsa masukulu ovomerezeka ngati angakulandireni ndi pa chaka chiti, ndipo layisensi yanu yomwe muli nayo musaiwale kuikonzanso pa nthawi yake pamodzi ndi mapointi a CPD, a maphunziro opitiriza a pantchito.